Lipoti la msonkhano wa amisiri a makina a 3D: chomwe chikumatula zogwirira zathu

Apampando ndi mamembala nonse,

Munandituma ku msonkhano wa amisiri ogwiritsa ntchito makina a 3D (osindikiza zinthu posanja pulasitiki yosungunuka mzere ndi mzere) womwe unachitika kuno ku Lilongwe ndi funso limodzi: n'chifukwa chiyani mbali ya pulasitiki yofewa ya TPU ikumatuka pa pulasitiki yolimba ya PLA m'zogwirira za ndodo zomwe tikupangira anzathu aulumali. Yankho lilipo, koma likufuna kuti tisinthe kapangidwe kathu.

Mapulasitiki awiri sagwirana chifukwa choti agundana. Ulusi wa pulasitiki wosungunuka ukagwera pa mzere wapansi, umayenera kufewetsa pamwamba pake kuti tinthu ting'onoting'ono ta mbali ziwirizo tilowerane. Ikakhala pulasitiki ya mtundu umodzi, izi zimayenda bwino. Ikasiyana, mavuto amayamba. PLA imayamba kufewa pa madigiri pafupifupi 60, mapulasitiki ena olimba monga PETG pafupifupi 80 ndi ABS kupitirira 100, ndipo pozizira iliyonse imakhwinyata mwa muyeso wakewake. Ndiye kuti pamalumikiziro pamakhala patayamba kale kukokana chinthucho chisanachoke n'komwe pa makina. Kuwonjezera apo, pali mapulasitiki ena omwe mwachibadwa chawo salolana, ngakhale utawatenthetsa chotani.

Izi tinaziona ndi maso. Wophunzitsa anayendetsa tizidutswa m'manja mwathu. Ka PLA ndi PETG ndinakathyola ndi zala zokha, ndipo pomwe panalekanirana panali posalala see, popanda chizindikiro choti panagwiranapo. N'chifukwa chake ena amaika dala PETG ngati chochirikiza pansi pa PLA, kuti ichoke mosavuta. Ka TPU ndi PETG kanali kosiyana. Bambo wina anakakoka ndi pulayala, TPU inatamuka mpaka kung'ambika, koma zotsalira zake zinakanirira pa PETG. TPU ndi PLA zinali pakati: zimagwira, koma ukayamba kusenda pakona zimatsatira.

Chomwe ndikufuna mumvetsetse kwambiri ndi ichi. Tisadalire kumatirira kokha, mbali ziwirizi zizilukana, monga mmene mmisiri amalukira njerwa pakona ya nyumba. Pulogalamu ya pakompyuta ya Cura, yokonzera zinthu zoti makina asindikize, kuyambira pa mtundu wake wa 5.3 wa mu 2023, ili ndi malo otchedwa Generate Interlocking Structure, pomwe imapanga timizati topingasa tolowerana pamalire a mapulasitiki awiriwo. Tikhozanso kujambula tokha mabowo ndi timipata pa mbali yolimba kuti TPU ilowemo n'kutulukira kuseri. Dzanja la munthu wotsamira ndodo limapotokola ndi kusenda chogwirira tsiku lonse, ndipo kusenda ndiko komwe malumikiziro osalala sapirira. Chogwirira chikaterereka munthu ali pamtunda wotsetsereka, amagwa. Ine izi sizikundigoneka tulo.

Panalinso zing'onozing'ono zoti tizisamala. TPU ndi PETG zimayamwa chinyezi, ndiye nyengo ya mvula ikafika ulusi uzisungidwa m'chidebe chotseka bwino ndi kuumitsidwa tisanaugwiritse ntchito. Mukamva kuthetheka pa nozzle (kamlomo kotulukira ulusi wosungunuka), dziwani kuti wanyowa. Posintha ulusi pa nozzle imodzi, wakale uzitulutsidwa wonse, chifukwa kotsalira ka PETG kamafooketsa mizere ya PLA. Magetsi akathima pakati pa ntchito, mzere womwe wazizira sugwiranso bwino, choncho chinthu chonyamula thupi la munthu chiyambidwenso. Zokambirana za mitengo ya ulusi zinatenga nthawi koma sizinabale kanthu.

Pempho langa n'lakuti pa zogwirira tisiye PLA, tipite ku PETG ndi TPU zolukana. PETG ithandizanso pa kutentha kwa mu Okutobala, pamene PLA yosiyidwa m'galimoto yotseka imatha kupindika. Ndikupemphanso kuti pasatuluke chogwirira chosayesedwa. Makina oyesera tilibe, koma tikhoza kusindikiza tizidutswa tofanana kukula, kupachikapo ndowa ndi kumathiramo madzi lita imodziimodzi mpaka padukepo, n'kulemba.

Loweruka likubwerali ndibweretsa tizidutswato. Msungichuma abwere atakonzeka kukambirana zogula PETG, ndipo amene muli ndi mayina a omwe analandira kale zogwirira zakale mubwere nawo kuti tikawasinthire.

Zikomo.