Za mfuti ija, mwana wanga

Mwana wanga,

Ndikhulupirira mwakhazikika m'nyumba yatsopanoyo, iwe ndi apongozi athu. Mayi ako akupereka moni, mwendo uja ukuwavutabe koma akuyendayenda. Moni wanga ukhala waufupi lero, chifukwa zimene wandiuza mlongo wako zandisowetsa tulo.

Akuti Loweruka lapitali anakupezani pakhonde iwe ndi mnzako wodziwa zonse uja, zitsulo za mfuti zili mbwee patebulo, mabotolo ali pambali. Akuti mnzakoyo anali ndi tupa m'manja, ati akufuna kufewetsa trigger, kachitsulo kamene umakoka ndi chala powomba. Nditamva, thupi lonse linachita tsemwe. Mfuti imeneyo ndinapatsa iwe, chilolezo chili m'dzina lako, ndipo tsiku limene idzalire yokha sadzafunsa mnzakoyo ayi.

Ndiyambe ndi tupayo. Trigger ya mfuti ya mtundu umenewu, Lee-Enfield, imakoka pawiri, poyamba mofewa, kenako imalimba isanawombe. Sinawonongeke, anaipanga choncho dala. M'kati muli kachitsulo kamene kamakola singano yomenya chipolopolo, ndipo pamene kamakolapo ndi pang'ono kwambiri, kuchepa ngati nsonga ya chikhadabo. Mukapalapo ndi tupa, simungabwezeretsenso chitsulo chimene mwachotsa. Komanso mfuti imeneyi imatchera singanoyo pamene ukukankha kutsogolo bolt, chitsulo chokhala ndi chogwirira chimene chimalowetsa chipolopolo n'kuchitsekera, ndiye kachitsuloko kakatereka, imawomba ukutseka bolt, chala chisanakhudze n'komwe trigger. Ngati anapalapo kale, ngakhale kamodzi kokha, usaikemo chipolopolo mpaka mmisiri wa mfuti ataiona. Usachite manyazi kumuuza zoona.

Iwe sungakumbuke, unali ndi miyezi 8. Ndinabwera kothamangitsa nguluwe nditatopa, ndinachotsa magazini, kabokosi ka pamfuti kosungamo zipolopolo, n'kuona zipolopolo zili m'manja mwangamu, mtima n'kukhala pansi. Ndinaiwala kuti chimodzi ndinali nditakweza kale m'chipinda cha chipolopolo, kumbuyo kwa mpope wa mfuti. Ndinakhala pampando, nsanza paphewa, n'kukoka trigger. Makutu anatseka. Fumbi la khoma linagwera pakansalu kamene unafunda, ndipo bowo linali mwina masentimita 30 pamwamba pa mutu wako. Mayi ako sanakuwe, anangokunyamula n'kutuluka, ndipo anatha sabata osandiyankhula. Bowo lija ndinalimata koma mpaka lero ndikamadutsa m'chipindamo maso amapita pomwepo. Tsikulo ndinali ndisanamwe kanthu. Nanga inu muli ndi mabotolo patebulo?

Choncho kuchotsa magazini si kukhuthula mfuti. Loza kumene kulibe munthu, chotsa magazini, tsegula bolt, yang'ana m'chipinda cha chipolopolo, pisamo chala chaching'ono. Maso amanama kukakhala mdima. Zipolopolo ukaziike m'chipinda china, utseke, ndiye uyambe ntchito. Munthu akakupatsira mfuti n'kunena kuti ilibe kanthu, yang'anabe, ngakhale munthuyo ndikhale ine.

Tsopano za kumasula. Kupukuta mfuti sikufuna kuimasula yonse. Bolt ndi magazini basi, zina zisiye. Imeneyo ndi No. 1 Mk III, mtundu umene asilikali a Britain anayamba kunyamula mu 1907, ndipo ili ndi msampha umene unandigwira ine. Bawuti yaitali imene imagwira thabwa la kuphewa ili ndi nsonga ya ngodya zinayi, ndipo nsongayo imalowa m'kachitsulo ka kumbuyo kwa thabwa la kutsogolo. Ukaipotokola thabwa la kutsogolo lisanachoke, limang'aluka. Mng'alu umene uli pafupi ndi trigger uja, umene unkandifunsa uli mwana, ndi ntchito ya manja angawa. Ndinkakuuza kuti inagwa. Sinagwe. Ndinamva kuti "thee", n'kudziwa kuti ndalakwa.

Masikuluwu ake ali ndi mipata yopyapyala. Sikuludiraiva ya m'galimoto imaterereka n'kudya mutu wa sikuluwu, ndipo mnzako uja ndikumudziwa, chinthu chikakana amachimenya. Chikakana, dontheza mafuta, chigone usiku, uyesenso m'mawa. Singano ya m'kati mwa bolt usaikhudze, imafuna chida chake cha mano awiri chimene ulibe, ndipo sipuling'i yake ndi yamphamvu. Sefite nayonso, kachitsulo kotseka mfuti kuti isawombe, usaimasule, imabwerera malo amodzi okha oyenera, ukaphonya imaoneka ngati yatseka pamene sinatseke. Ndipo pa chogwirira cha bolt pali nambala yofanana ndi ya pa mfuti. Bolt imeneyo anaiyezera mfuti imeneyo. Wina akadzati tiyese yanga, ukane, chifukwa mpata wa pakati pa bolt ndi chipolopolo ukakula, chikopa cha chipolopolo chimang'ambika, moto n'kubwerera kumaso kwako.

Kodi kachingwe kopukutira kadakali m'kabowo ka kumbuyo kwa thabwa la kuphewa, pamodzi ndi kabotolo ka mafuta? Unkakonda kutsegula kachitseko kake kamkuwa kaja n'kubisamo timiyala. Ukamapukuta mpope, lowetsera kumbuyo, kokera kutsogolo, ndipo koka molunjika. Chingwe chikamakhula m'mphepete mwa kamwa la mpope chimalidya pang'onopang'ono, mfuti n'kuyamba kuphonya, iwe n'kumanamizira maso ako. Kansalu kasakule kwambiri, kakatsamwa m'katimo usakagogode ndi msomali.

Zipolopolo zakale za saizi ya .303 za m'kabokosi kaja zimasiya mchere mumpope. Mcherewo susungunuka ndi mafuta, umafuna madzi, n'chifukwa chake asilikali akale ankathira madzi owira mumpope akamaliza kuwombera. Uchite tsiku lomwelo, osati mawa, chifukwa dzimbiri silichedwa. Thira ndi fanelo kuchokera kumbuyo, madzi asakhudze thabwa, chitsulo chikatentha chimauma chokha, kenako pukuta n'kupaka mafuta pang'ono. Ndati pang'ono. Iwe umathira mafuta ngati ukudzoza mwana. Ochulukawo amatsikira m'thabwa n'kulifewetsa, amakola fumbi, ndipo akakhala m'chipinda cha chipolopolo, mphamvu yochuluka imakankhira pa bolt. Usanawombe, pukuta mpope ndi chipindacho ziume, ndipo suzumira uone kuwala mbali inayo. Kansalu koiwalika kapena chisa cha mavu chikhoza kutupitsa mpope kapena kuuphulitsa.

Ndikudziwa ukuti bambo ayambanso. Ndayambadi. Sindikukayikira nzeru zako, ndiwe mwana wosamala, unkapukuta njinga yako mpaka masipoko. Amene sindikumukhulupirira ndi iwe ukakhala ndi mnzako uja, chifukwa sutha kumukaniza kanthu, unali choncho kuyambira kusukulu. Mucheze, museke, mumwe ngati mwafuna kumwa, koma tsiku limenelo mfuti ikhale yokhomeredwa, bolt kwina, kiyi kwa mkazi wako. Ndamva kuti ndi woyembekezera, ngakhale iwe sunandiuze. Khoma la nyumba yanuyo ndi lopyapyala kuposa lathu lija.

Undiyankhe sabata ino, undiuze ngati tupa ija inakhudza chitsulo kapena ayi. Ngati sungalembe, imba foni madzulo mayi ako atagona, sindinawauze za nkhaniyi. Ukamabwera mwezi wamawa ubwere nayo, bolt uikulunge payokha, tidzaimasule limodzi ndikuonetse dongosolo lake ndi maso. Usaiwalenso magalasi anga, ndinawasiya pawindo la kwanu.

Ndine,
Bambo ako