Lipoti la ulendo wa ku London: zimene ndinaona za mayi Malorie Blackman

A wapampando, a komiti ndi makolo anzanga nonse, zikomo. Munandituma kuti ndikaimire kalasi yathu ya Loweruka ku msonkhano wa anthu odzipereka amene amaphunzitsa ana a mabanja ochokera ku Africa ndi ku Caribbean kuno ku Britain. Ndinapita ndipo ndabwerako bwino. Malisiti a sitima ndapereka kale kwa amayi msungichuma.

M'mawa tinakambirana za malo ophunzirira ndi kapezedwe ka ndalama. Mavuto awo ndi athu omwewa, ndidzafotokoza pakamwa. Chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi cha masana, pomwe anatitengera ku British Library, pafupi ndi siteshoni ya King's Cross, kukaona chionetsero cha moyo ndi ntchito za mayi Malorie Blackman, mlembi wa mabuku a achinyamata ndi masewero a pa wailesi ya kanema.

Mayiwa anabadwira ku London mu 1962, makolo awo anachokera ku Barbados. Ali mwana ankaswera ku laibulale, kuwerenga chilichonse chimene chawagwera m'manja, koma m'mabuku onsewo sanakumanemo ndi mwana wakuda ngati iwo. Anachita kupitirira zaka 20 kuti awerenge buku lodzaza ndi anthu a khungu lawo, The Color Purple la Alice Walker. Atanena zimenezi wotitsogolera, ndinaganiza za shelefu yathu ija ya m'holo. Mwa mabuku amene tinapatsidwa aja, ndi angati amene mwana wathu angatsegule n'kudzionamo?

Khumbo lawo linali uphunzitsi. Mphunzitsi wolangiza ana za ntchito anawauza maso ndi maso kuti anthu akuda sakhala aphunzitsi, bola akaphunzire ulembi wa mu ofesi. Mapeto ake anaphunzira za makompyuta n'kuyamba ntchito yolemba mapulogalamu, ya malipiro abwino ndithu. Amadwalanso sickle cell, matenda amene ife tikuwadziwa bwino kumudzi, ndipo ali mtsikana anamva dokotala akunena kuti sadzafika zaka 30. Munthu womva zotere akanangokakamira ntchito imene ali nayo. Iwo ayi, usiku ankalemba nthano n'kumatumiza kwa osindikiza mabuku.

Apa ndiye ndinaima nthawi yaitali. M'galasi munali fayilo ya makalata owakana. Analandira makalata 82 otere asanavomeredwe, ndipo sanawataye, anawasunga. Ndinayang'ana kukhuthala kwa fayiloyo n'kudzifunsa kuti ine ndikanalekera pa kalata yachingati. Mwina yachitatu. Buku lawo loyamba linatuluka mu 1990, ndipo lero mabuku awo apitirira 70.

Za makompyuta zija sizinapite pachabe. Buku la Hacker la mu 1992 ndi la mtsikana amene akugwiritsa ntchito kompyuta pofuna kuyeretsa bambo ake onamiziridwa kuba ndalama ku banki. Pig-Heart Boy la mu 1997 ndi la mnyamata wa zaka 13 woti amuike mtima wa nkhumba kuti akhale moyo. BBC inalisandutsa sewero ndipo linapata BAFTA, mphoto yaikulu ya makanema kuno ku Britain. Chimene ndinakonda n'chakuti ana a m'mabukuwa ndi akuda, koma nkhani yake si khungu. Ali ndi mavuto a ana, amakangana ndi makolo, amachita mantha, basi.

Nkhani ya tsankho anadzailowa mwachindunji mu 2001 ndi Noughts & Crosses. Chimodzi mwa zimene zinawakankha ndi kuphedwa kwa Stephen Lawrence, mnyamata wakuda wa zaka 18, ku Eltham mu 1993, ndi mmene apolisi anayendetsera mlanduwo. M'bukuli dziko analitembenuza: akuda ndiwo olamula, azungu ndiwo onyozeka, ndipo mtsikana wakuda Sephy akondana ndi mnyamata wachizungu Callum. Muli kachigawo kena kakang'ono ka mwana wachizungu wovulala pamphumi, atamumata pulasitala wakuda chifukwa wa khungu lake kulibe. Anzanga, ambiri a ife timagwira ntchito yosamalira okalamba. Ine ndamata anthu mapulasitala zaka zonsezi, ndadzimatanso ndekha pachala, kachinthu kotuwa kuonekera patali, koma sindinafunsepo kuti mtundu umenewu anaupangira khungu la yani. Ndinachita kumvera ku London.

Mbali ya kanema ndiidutsa msanga. Analembako zigawo za sewero la ana la Byker Grove, ndipo mu 2018 analemba limodzi ndi Chris Chibnall chigawo cha Doctor Who chonena za Rosa Parks, mayi amene anakana kupereka mpando wake kwa mzungu m'basi ku Montgomery mu 1955. Sewero la Noughts & Crosses linaonetsedwa pa BBC mu 2020, ndipo analijambulira ku South Africa. Kuyambira 2013 mpaka 2015 anali Children's Laureate, kazembe wa mabuku a ana m'dziko muno, munthu wakuda woyamba paudindowu.

Tsopano ndilankhule monga kholo. M'sitima pobwerera, amene anandikhala m'mutu si mayi Blackman, koma mphunzitsi anawakaniza uja. Mwana wanga wamkazi ali ndi kope lobiriwira limene amalembamo tinkhani take. Chaka chatha ndinalipeza pansi pa pilo, ndinamuuza kuti asiye zachibwana, alimbikire sayansi chifukwa nthano sizilipira lendi. Sindinanene mwankhanza, ndinkamufunira zabwino, pakuti tonse tikudziwa mmene tinavutikira kuti tifike kuno. Koma kuyambira tsiku limenelo kopelo sindinalionenso. Ndikukhulupirira kuti si ine ndekha m'gulu lino amene ndinayankhulapo chotero. Sayansi aphunzire ndithu, mayi Blackman nawo anaphunzira makompyuta, koma cholembera tisawalande.

Choncho ndikupempha komiti kuti pa msonkhano ukubwerawu tikambirane zogula mabuku angapo a mayiwa, Hacker ndi Pig-Heart Boy a ana ocheperako, Noughts & Crosses la okulirapo okha chifukwa muli nkhani zolemera za imfa ndi chiwawa, makolo ayambe aliwerenga. Ndikupemphanso kuti pakatha phunziro la Chichewa tizipatula theka la ola ana alembe nkhani zawo, kaya m'Chichewa kaya m'Chingelezi, za agogo awo ku Ntcheu kapena za basi ya kusukulu, ife osagwira cholembera chofiira.

Chionetserochi chinali chaulere ndipo chinatsekedwa kumapeto kwa February 2024. Ndikanakonda ana athu akanaona fayilo ija ndi maso awo. Wanga ndamupempha kuti andibwereke kope lake ndiwerenge. Wati aganiza kaye.