Za msuweni wako uja ku Joni

Aise,

Uthenga wako wa pa WhatsApp wofunsa za msuweni wako ndaumva koma ndati ndichite kulemba, nkhani iyi pa foni siyingatheke komanso mwina ukawawerengerako azakhali ako pofatsa. Ine ndili bho, ntchito ikuyenda mwapang'onopang'ono, kungoti chisanu cha June chafika, kuno usiku kumazizira koti madzi osiya panja umawapeza atauma gwa.

Msuweni wako ndamuwona, ali moyo, yamba wawauza zimenezo. Amagona kumunsi kwa tawuni pansi pa mlatho wa msewu wa M2 ndi anzake angapo, masana amakoka chingolo chotolera mabotolo apulasitiki ndi zitini nkukagulitsa pa sikelo. Wawonda kwambiri ndipo zoti akusuta nyaope ndi zoona, sindikubisa. Koma zoti amulodza a kuchimuna, ndalama mukusonkha zopita nazo kwa sing'angazo, ayi aise, zisungeni kaye mumve mmene zinayambira.

Nyaope musamayiyerekeze ndi chamba chomwe ankasuta anyamata kuseri kwa sukulu kuja. Ndi heroin wotchipa wosakaniza ndi zinyalala zina, ambiri amamuwaza mu chamba nkusuta, ena amachita kubaya pa mtsempha. Ikakulowa m'thupi ukangokhala maola ochepa osasuta m'mimba mumapotokola, thukuta, kusanza, kutsegula m'mimba, mafupa kuphwanya ngati malungo akulu aja. Ndiye munthu akadzuka m'mawa ganizo ndi limodzi basi, apeze ya kapaketi asanayambe kudwala. Iye mwini anandiuza kuti kukoma kunatha kalekale, pano amangosuta kuti thupi lisawawe komanso kuti agone. Mawu oti agone amenewo ndi omwe ndikufuna azakhali amve.

Ukukumbuka moto uja wa pa 31 August 2023 ku Marshalltown, nyumba ya Usindiso pa 80 Albert Street? Anthu 76 anafa, a Malawi anzathu analipo ambiri ndithu, a ku Tanzania, ndi eni dziko omwe. Nyumbayo ndi ya khonsolo ya mzinda, nthawi ya tsankho inali ofesi ya mapasi a anthu akuda, kenako inakhala kosungirako amayi ndi ana ozunzidwa, mapeto ake zigawenga zinailanda nkumalipiritsa lendi, mkati modzadza tizisakasa tamatabwa ndi makatoni mpaka njira zothawira kutsekeka. Msuweni wako ankakhala mmenemo, kwanu sanakuuzeni chifukwa ankachita manyazi, paja pa Facebook ankajambulitsa ataima ku Sandton. Usiku umenewo anatulukira pa windo, mnzake yemwe ankagawana naye lendi sanatuluke. Pasipoti, foni, tindalama tomwe ankasunga, zonse phulusa.

Asanapse malowo mnyamatayu samasuta, ankapenta nyumba kwa bwana wina ndipo ndalama kumudzi ankatumiza, iwe ukudziwa. Moto utachitika tulo tinatha. Akangotseka maso amamva anthu akukuwa, akamva fungo la pulasitiki akupsa thupi lonse limanjenjemera, kuntchito anayamba kufika mochedwa maso ali psuu mpaka bwana anamuuza kuti basi. Madokotala amati PTSD, nthenda yobwera munthu akaona zoopsa zoposa mutu wake, asilikali ochokera kunkhondo imawagwira, amayi ogwiriridwa imawagwira. Iwenso uli ku Blantyre konko, funsa a ku Chilobwe omwe anapulumuka Freddy mu March 2023 ngati amagona mvula ikayamba kugunda malata usiku. Iye analibe womufunsa, yemwe anamuchitira chifundo anali mnzake wa mumsewu amene anamupatsa fodya wa nyaope kuti agoneko, ndipo anagonadi, vuto lake ndi limenelo.

Chomwe chandisokoneza ine mutu ndi ichi. Ndinamuuza kuti bwera ugone kwanga kaye, ndili ndi kachipinda ku Rosettenville, anakana. Osati chifukwa cha nyaope yokha ayi, akuti m'chipinda chotseka chitseko sangagone, amaona ngati mpweya ukumuthera, bola panja poti chikachitika chinthu athawa. Ndiye tangoganiza, malo okhawo omwe mtima wake umakhala pansi ndi omwe akumupha. Chifukwa mumsewu simugonedwa aise, umagona diso limodzi kuopa kuberedwa nsapato, kumenyedwa, apolisi akabwera mbandakucha amatenga mabulangete ndi makatoni nkuponya mu lole. Atsikana ndiye zawo sindingalembe. Munthu wabwinobwino umugoneke choncho miyezi itatu, ayamba kuyankhula yekha basi.

Pansi pa mlathopo si onse nkhani yawo ili ngati yake. Alipo bambo wina wachikulire sasuta kanthu koma amamva mawu m'mutu, amakangana ndi anthu oti ife sitikuwaona, ameneyo matenda ndi omwe anamutulutsa m'nyumba, abale anatopa naye. Ena anathawa nkhanza pakhomo ali ana. Ena ndi mankhwala ozunguza bongo anayamba, nyumba nkutha pambuyo. Koma akakhalitsa pamenepo zitatuzi zimalukana moti sungadziwenso chinayamba ndi chiti, ndipo kuchipatala cha amisala amati kasiye kaye mankhwala, kosiyitsa mankhwala amati uyu ngwamisala si wathu, munthu nkumangozungulira.

Usaganize kuti poti kuno nkolemera ndiye odwala maganizo amasamalidwa. Mu 2016 boma la chigawo cha Gauteng linachotsa odwala oposa 1,000 m'zipatala za Life Esidimeni pofuna kupulumutsa ndalama, nkuwamwaza m'timabungwe tina topanda ziphaso, anthu 144 anafa, ena ndi njala ndi kuzizira. Jaji Dikgang Moseneke ndi amene anamva nkhaniyo nkulamula chipepeso kwa mabanja. Amenewo anali nzika, a ma ID awo, nanga mlendo wopanda pepala lililonse?

Chithandizo chilipo koma, ndisakunamize kuti kulibe. Pali mankhwala akumwa otchedwa methadone, munthu amamwa tsiku ndi tsiku, chibaba chija chimazizira nkutha kugwira ntchito osathamangira kapaketi. Nthawi ya Covid mu 2020 ku Pretoria anasonkhanitsa anthu ogona mumsewu pa bwalo la Caledonian, ambiri anayamba kudwala nthawi imodzi poti nyaope anasowa koigula, madokotala a pulogalamu ya COSUP ya University of Pretoria ndi omwe anabwera ndi methadone. Kungoti ndi wodula ndipo safuna kudumphitsa, tsono munthu wosadziwa komwe agone mawa nkovuta kuti atsatire. Ku Finland anaona zimenezi nkutembenuza zinthu kuyambira 2008, amayamba ampatsa munthu nyumba yake osamuuza kuti siya kaye mowa kapena mankhwala, chithandizo chimamupeza ali mkati, ndipo ogona panja anachepa kwambiri. Ine ndimaona kuti ali ndi nzeru, ngakhale kwa msuweni wakoyu kiyi yekha sangakwane, pafunika wina woti akhale naye pansi pa nkhani ya moto ija mpaka chitseko asiye kuchiopa.

Tsono chonde, ndalama m'manja mwake musatumize, ngakhale kwa anyamata omwe akumakuimbirani kuti tikumusamala, zonsezo zikuthera ku fodya. Ngati azakhali ali ndi fotokope ya pasipoti yake kapena chiphaso cha unzika, jambula unditumizire, ndikufuna ndikafunse ku ofesi ya kazembe wathu za chikalata choyendera. Koma osathamangira kuti akwere basi mawa, ulendo wa masiku awiri kudutsa Beitbridge, Nyamapanda mpaka Mwanza munthu ali ndi chibaba cha heroin angatsike panjira nkusowa kotheratu. Ayambe kaye methadone kuno. Iwe mbali yako tafufuza kwa a St John of God, ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe ndipo nkhani za maganizo ndi mankhwala ozunguza bongo amazidziwa, umve kuti amalandira bwanji komanso ndi ndalama zingati, kuti akadzafika asadzangomutsekera m'nyumba kapena kumumanga zingwe kupita naye ku mapemphero.

China, awuze azakhali ajambule mawu pa foni yako ndikamumvetsere. Asalire kwambiri, asatchule za ndalama zomwe anagulitsira mbuzi kuti iye abwere kuno, iyeyo nkhani imeneyo ikumudya kale ndipo ndi chifukwa chake amakana kuyankhula nawo. Angomuuza za pakhomo, kuti chimanga chatuluka bwanji chaka chino, mlongo wake wabereka mwana wanji, zomwezo basi.

Loweruka ndikamusiyira jekete ndi bulangete lina, ndikakuuza mmene ndampezere. Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako uja wa ku Joni