Florina anafa chifukwa sunawerenge mabokosi

Aise,

Kalata yako yafika ndi amalume ako Lolemba, ndipo masamba onse awiri ndi maliro okhaokha a Florina wa mu gemu ya Fire Emblem. Za ntchito ku Joni walemba mzere umodzi, za chifuwa chako theka la mzere, koma mtsikana wa kavalo wamapiko wamulira ngati wa pamtundu. Pepa ndithu. Komabe ndisakubisire mawu: gemuyo sinakubere. Unamuika pomwe muvi umafika.

Fire Emblem ya pa Game Boy Advance ya 2003 ija imafuna mutu wa akuluakulu a bawo a pa Chinamwali, omwe amawerenga maenje onse asanatakate. Usanasunthe munthu wako, ika cholozera pa mdani, udine A. Mabokosi a buluu ndi pomwe angayende, ofiira ndi pomwe angakanthe. Wa uta amayenda mabokosi 5 ndipo muvi wake umagwa pa bokosi lachiwiri kuchokera pomwe waima, ndiye kuti poyera chilichonse chili mkati mwa mabokosi 7 ndi chake. Akavalo amapiko muvi umawapweteka koposa ena onse. Koma wa uta yemweyo ukamuyandikira mpaka kugundana naye sangabwezere. Choncho Florina amayenera kudikira kunja kwa mabokosi ofiira, mdani abwere yekha, kenako n'kumugwera pafupi. Ukaona ballista pa mapu, uta waukulu uja woponya patali, iyo imafika mpaka mabokosi 10, wamapiko aliyense akhale kutali mpaka wina akaphe woiombayo.

Ndikukayikiranso kuti unamupatsa mkondo wolemera. Florina Con yake, mphamvu ya thupi yonyamulira chida, ndi 4 basi. Iron Lance imalemera 8, ndiye 4 yotsalayo imachotsedwa pa liwiro lake. Slim Lance imalemera 4, sataya kanthu. Ukafunsa kuti liwiro n'lachani, yankho lake ndi lakuti amene waposa mnzake ndi 4 amamenya kawiri. Mkondo wooneka wamphamvu ungamulande kumenya kachiwiri, mwinanso mdani n'kukhala womenya kawiri iyeyo. Steel Lance, yolemera 13, usamugwiritse n'komwe.

Zinazo ukuzidziwa koma umaziiwala ukapsa mtima. Lupanga limagonjetsa nkhwangwa, nkhwangwa imagonjetsa mkondo, mkondo umagonjetsa lupanga, ndipo wopambanayo amawonjezeredwa 15 pa mwayi wolasa ndi 1 pa bala. Kuima m'nkhalango kumachotsa 20 pa mwayi wa mdani. Nambala ya Hit imene umaona si yeniyeni, chifukwa gemuyo imaponya manambala awiri n'kutenga wapakati. 80 yolembedwa imakhala cha m'ma 92, 30 imatsika kufika cha m'ma 18. Choopsa kwenikweni ndi Crit, mwayi wa kumenya kwamphamvu kodzidzimutsa. Ngakhale italembedwa 2, ikagwa bala limachuluka katatu, ndipo munthu wa HP (moyo) yochepa amapita pomwepo. Marcus, msilikali wapakavalo wamphamvu kale uja, usamukhazike pansi monga anakunamizira mlamu wako. Mugwiritse ntchito kutseka njira ndi kufooketsa adani, koma omaliza kupha akhale anawo, chifukwa EXP yambiri, imene imakulitsa msilikali, ili pa kupha, ndipo kwa Marcus imangotayika.

Wafunsa ngati Florina angabwerere. M'nkhani ya Lyn, gawo loyamba la gemuyo, wogonja amangovulala n'kudzabweranso mtsogolo. Iwe uli kale m'nkhani ya Eliwood, gawo lotsatira, kumene wakufa wafa. Kuzimitsa foni sikuthandiza, gemuyo imasunga yokha chilichonse wachita, ndipo ukasankha Resume udzangomuonanso akugwa. Njira ndi Restart Chapter, uyambenso nkhondo yonseyo. Ngati unaseva kale nkhondoyo itatha, basi, pitirira ndi Fiora, mkulu wake, amene amabwera kutsogoloku.

Chinkhoswe cha mlongo wako chilipo mwezi wamawa, ku Matawale. Ankhoswe agwirizana zonse.

Tsono chimene chandisowetsa mtendere m'kalata yako si Florina ayi, ndi mawu aja akuti ukamaliza uyamba Final Fantasy Tactics pa PPSSPP, emulator yoseweretsa magemu a PSP pa foni, ndiponso kuti umaseva pamalo amodzi okha kuti usasokonezeke. Aise, leka zimenezo lero lomwe. Gemu imeneyi, kuyambira pomwe inatuluka pa PlayStation mu 1997 mpaka ya PSP ya 2007 yotchedwa The War of the Lions, ili ndi msampha kumapeto kwa chigawo chachitatu, ku Riovanes Castle. Nkhondo zake n'zotsatizana. Ukapambana yoyamba imakufunsa ngati ukufuna kuseva. Ukavomera n'kuseva pamwamba pa save yako yokhayo, wadzitsekera m'nyumba, sungatulukenso kukagula zida kapena kukakulitsa asilikali. Chotsatira ndi Ramza, mtsogoleri wa asilikali ako, yekhayekha kulimbana ndi mdani wotchedwa Wiegraf, ndipo ukamugonjetsa Wiegraf amasanduka chilombo chotchedwa Belias. Ngati Ramza wako ndi wofooka, maola onse amene wathera pa gemuyo apita m'madzi. Seva pamalo awiri. Atatu n'kwabwinonso. Imodzi ikhale ya kunja, pa mapu aakulu, ndipo usaikhudze mpaka utatuluka m'nyumbamo.

Usanalowe, Ramza aphunzire Auto-Potion, luso lodzimwera mankhwala akavulazidwa, pa ntchito ya Chemist. Luso limeneli limatenga mankhwala otsika kwambiri amene uli nawo, ndiye gulitsa Potion ndi Hi-Potion zonse, usiye X-Potion zokha. Nkhondo ikayamba usathamangire kumenya. Thawa, uzidziwonjezera liwiro ndi luso la Tailwind mobwerezabwereza mpaka uziyenda kawiri kapena katatu Wiegraf asanasunthe, kenako Focus kuti dzanja lilemere. Kumbukiranso kuti msilikali akagwa pamutu pake pamaoneka 3, imatsika mpaka 0, ndipo ukachedwa ndi Phoenix Down, mankhwala odzutsa wogwa, amasanduka mwala wonyezimira kapena bokosi, osadzaonekanso.

Ndipo save state si save. Ndikubwereza chifukwa mng'ono wako sabata yatha anafufuta PPSSPP kuti apeze malo a zithunzi za ku tchalitchi, ndipo zonse zinapita nayo limodzi. Mwanayo masiku awiri nsima amangoigwiragwira. Save state ndi chithunzi chabe cha pomwe emulator inali, ukasintha mtundu wa pulogalamuyo nthawi zina imakana kutseguka. Save yeniyeni ndi imene umapanga mkati mwa gemu, ndipo imakhala mu foda ya PSP, m'kati mwa SAVEDATA. Foda imeneyo uziikopera pa memory card Lamlungu lililonse. Ya Fire Emblem ndi kafayilo kothera ndi .sav, ndipo dzina lake lizifanana ndendende ndi la gemuyo, apo ayi emulator siiona n'kukuyambitsa pachiyambi. Dzitumizire wekha pa WhatsApp ngati khadi ulibe. N'kakang'ono, sikadya bandulo. Foni ku Joni imabedwa, imagwa m'madzi, batire imafufuma. Ukaona ikutentha, tsitsa Rendering resolution ifike pa 1x, ndiwo mlingo wa PSP yeniyeni, 480 kwa 272, ndipo usasewere ili pa tchaja pansi pa bulangete monga umachitira ku Chikanda.

Mayi ako ndinakumana nawo pa Mpondabwino akugula matemba. Miyendo yatupanso, akuyenda moima-ima. Sanadandaule, anangofunsa ngati kumeneko ukudya. Kalata yako ikusonyeza kuti umagona 3 koloko m'bandakucha, wekha m'kachipinda, ukulankhula ndi anthu a pa sikirini. Sindikukuletsa, magemuwa amamusunga munthu kutali ndi kwawo. Koma uwaimbire, ngakhale mphindi zisanu.

Pa za ma visual novel ndakukana. Ukuti ndi buku lovala malaya a gemu, ungodina n'kumawerenga. Yamba ndi Phoenix Wright: Ace Attorney ya Capcom, imene inatuluka m'Chingerezi pa DS mu 2005, udzandiuze. Ndiwe loya, mboni ikupereka umboni chiganizo ndi chiganizo. Uli ndi zida ziwiri: Press, kuipanikiza kuti ionjezere mawu, ndi Present, kuionetsa chinthu chotsutsana ndi zomwe yanena. Oyamba kumene amalakwa pothamangira Present mongoganizira, woweruza n'kuwalanga, ndipo zilango zikakwana zisanu mlandu waluza. Panikiza chiganizo chilichonse kaye, chifukwa nthawi zambiri bodza limatuluka m'mawu owonjezerawo, kenako tsegula Court Record uwerenge nthawi ndi manambala olembedwa pa umboni uliwonse. Bodza limakonda kubisala pa ola.

Ikakukomera upite pa 999, ya pa DS yomwenso. Anthu asanu ndi anayi atsekeredwa m'sitima yapamadzi, aliyense ali ndi nambala pamkono. Pakhomo pamalowa anthu atatu mpaka asanu, ndipo manambala awo akaphatikizidwa mpaka kutsala nambala imodzi, ifanane ndi ya pakhomopo. Mwachitsanzo 2, 4 ndi 8 ndi 14, ndiye 1 ndi 4 ndi 5, alowa khomo la 5. Mathero ake ndi angapo, ndipo enieniwo satseguka usanaone ena otchedwa Safe ending. Ukafika pomwe nkhani yangoduka usaganize kuti fayilo yawonongeka. Usafufuzenso pa intaneti, angakuululire zonse mzere woyamba womwewo.

Alamu aja olemba masewero a pa siteji ndawauza za Ren'Py, pulogalamu yopangira ma visual novel. Ndi yaulere, imayenda pa laputopu yakale, ndipo munthu amangolemba dzina la wolankhula, mawu ake, ndi menu pomwe nkhani ikugawikana. Zithunzi za ku Mulunguzi ndi msika wa Zomba angajambule ndi foni. Tangoganiza mlandu wa munda pabwalo la amfumu, m'Chichewa, wosewera akupanikiza mboni ngati Phoenix Wright. Akufuna wina wowathandiza kukonza nthambi za nkhaniyo kuti zisasemphane, ndipo ndinatchula iwe.

Magetsi azima kuyambira masana, kandulo yatsala chala chimodzi, pepalanso ndi lomaliza ili. Amalume ako anyamuka Lachisanu, ndiwapatsira ufa ndi kalatayi. Za Hector wa mu Fire Emblem ndimafuna ndikuuze kuti nkhwangwa yake ya Wolf Beil usaiwonongere pa adani wamba, uisungire ovala zitsulo ndi apakavalo, chifukwa ikathyoka