Kalata kwa Makolo Potseka Teremu Yachiwiri

Okondedwa makolo ndi onse olera ana,

Landirani moni wochokera kwa aphunzitsi onse. Zotsatira za mayeso zili m'malipoti amene ana anu atenga, choncho m'kalatayi ndikufuna kuwongola nkhani imodzi imene yafika m'makomo ena itapotozedwa.

Teremu ino ophunzira a Fomu 3 aphunzira za Abraham Lincoln, loya wa ku America amene anadzakhala pulezidenti wa nambala 16 wa dzikolo. Iye anabadwa pa 12 Febuluwale 1809 m'kanyumba kamitengo ku Kentucky, mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka 9, ndipo masiku onse amene anakhalapo m'kalasi, tikawaphatikiza, angangokwana chaka chimodzi. Mfundo yomalizayi yawakomera anyamata ena, moti ndamva kuti akuuza makolo awo kuti munthu angathe kulamulira dziko ngakhale osapita kusukulu.

Chimene anyamatawa sakukuuzani n'chakuti Lincoln ali ku New Salem, m'chigawo cha Illinois, kumene anagwirako ntchito yogulitsa m'sitolo, yoyang'anira positi ofesi ndi yoyeza malo, ankabwereka mabuku a zamalamulo kwa loya wina, John Todd Stuart, n'kumawerenga yekha popanda womukakamiza mpaka analandira chilolezo cha uloya mu 1836. Phindu la kuwerengako linaonekera pa mlandu wa mu 1858, umene ophunzira athu anauchita sewero. Mnyamata wina, Duff Armstrong, ankamuimba mlandu wopha munthu, ndipo mboni inalumbira kuti inaona zonse usiku chifukwa mwezi unkawala. Lincoln, amene anali loya woimira Armstrong, anatulutsa buku losonyeza kayendedwe ka mwezi m'chaka chimene munthuyo anaphedwa, naonetsa khoti kuti pa ola limenelo mwezi unali utapendeka kale, uli pafupi kulowa. Armstrong anapezeka wosalakwa.

Ndale nazo sizinamuyendere mophweka. Anagonja pa chisankho chake choyamba mu 1832, anakhala phungu wa ku Washington kuyambira 1847 mpaka 1849 basi, ndipo mu 1858, atachita mitsutso isanu ndi iwiri ndi Stephen Douglas pa nkhani ya ukapolo, mpando wa useneta (uphungu wa m'nyumba ya malamulo yotchedwa Senate) umene awiriwa ankalimbirana unapita kwa Douglas. Upulezidenti anaupeza mu 1860. Ana ambiri analemba pa mayeso kuti chilengezo chake cha pa 1 Januwale 1863 chinamasula akapolo onse, pamene chinakhudza okhawo a m'zigawo zimene zinagalukira boma. Ukapolo unathetsedwa m'dziko lonse mu Disembala 1865, iye atawomberedwa kale m'nyumba ya zisudzo mu Epulo chaka chomwecho.

Mwana aliyense wa Fomu 3 wabwereka buku limodzi kulaibulale yathu. Ndikudziwa kuti ntchito zapakhomo n'zambiri pa tchuthi, komabe ndikukupemphani kuti mumupatse ola limodzi madzulo pamodzi ndi nyali, ndipo muzimufunsa zimene wawerenga. Mabukuwa abwezedwe tsiku lotsegulira sukulu, ali osang'ambika.

Ine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu