Kwa mnzanga wa ku Joni

Wokondedwa achimwene,

Uthenga wanu wa pa WhatsApp uja ndaumvera katatu. Moni ndapereka kwa onse, mayi anu ali bwino, mwendo uja wasiya kutupa. Koma chandisowetsa tulo ndi chimene munanena kumapeto, chakuti mukamatchetcha kapinga kwa abwana anu ku Johannesburg mumadzifunsa kuti kodi ine ndine yani, munthu wa satifiketi ya uphunzitsi amene anthu sadziwa ndi dzina lake lomwe, pamsewu amangoti kwerekwere. Pa foni sindikanatha kukuyankhani bwino, n'chifukwa chake ndalemba.

Mukukumbukira kuti ntchito yanga ya ukalaliki inatha kumapeto kwa 2022. Chimene sindinakuuzeni n'chakuti kwa miyezi iwiri ndinkadzukabe m'mawa, kusita malaya, kukwera minibasi mpaka ku Limbe n'kumangoyendayenda, kuopa kuti aneba angadziwe. Zaka khumi ndi chimodzi anthu ankanditchula kuti akalaliki. Dzinalo litachoka ndinaona ngati munthu yemwe wachoka nalo limodzi. Kutchalitchi ndinkakhala benchi yakumbuyo, nyimbo yomaliza isanathe ndatuluka kale.

Kenako kunabwera namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, zithunzi munaziona. Akulu a mpingo anapempha amuna kuti tikathandize ku sukulu ina kumene anthu anathawira. Ine ndinapita chifukwa chosowa chochita, ndisakunamizeni. Atamva kuti ndinali kalaliki anandipatsa kope ndi bolopeni kuti ndizilemba maina a olandira ufa ndi mabulangete.

Tsiku lachiwiri anafika gogo wina atafunda chitenje chonyowa, mapazi ali matope okhaokha. Nyumba inapita, mdzukulu mmodzi anali asanapezeke. Atatchula dzina lawo anagwira dzanja langa n'kunena kuti, "Mulembe bwino, mwanawe. Chatsala ndi chomwecho, ndipo Mulungu akulidziwa." Ndinalemba pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi, iwo akuyang'anitsitsa ngakhale sankadziwa kuwerenga. Usiku umenewo ndinalira, achimwene. Gogo amene anataya zonse ankadziwa kuti ndi wa yani, pamene ine wongotaya tebulo la mu ofesi ndinali nditadzikwirira ndekha.

Kuchokera apo ndakhala ndikubwerera pa Yesaya 43:1, pamene Yehova akuuza Israyeli kuti asaope, pakuti wamuitana ndi dzina lake, ndi wake. Mawu amenewo ankatonthoza anthu otengedwa ukapolo ku Babulo, kutali ndi kwawo, m'dziko la chilankhulo china. Danieli kumeneko anamusintha dzina n'kumutcha Belitesazara, koma ankagwadabe katatu pa tsiku, mazenera otsegukira ku Yerusalemu. Ndikawerenga zimenezi ndimaona inu.

Sindikunena kuti kupemphera kwandibwezera ntchito ayi. Ndimagulitsa makala ndi mazira pakhomo, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mpamba wanga unatsala pang'ono kutheratu. Komanso sindigwirizana nawo alaliki amene amati ukakhala wa Mulungu ndiye kuti galimoto ili m'njira. Anthu oterowo akanamuuza chiyani gogo uja? Chimene chasintha n'chakuti ndikadzuka ndimadziwa chimene ndadzukira. Panopa ndine mlembi wa komiti yoyendera odwala ndi okalamba, kope lake ndi lomwe lija, masamba oyamba akadali ndi madontho a matope. Luso limene ndinkayesa kuti ndi la kampani, kani anandipatsa ndi Mwini wake, ndipo anali nalo ntchito ina.

Inuyo ndinu mphunzitsi, kaya muli ndi choko m'manja kaya fosholo. Munandiuza kuti kumene mumapemphera kuli ana a Amalawi obadwira konko amene satha kuwerenga Chichewa. Bwanji osawasonkhanitsa Lamlungu mapemphero akatha, ngakhale atatu okha? Buku Lopatulika ndi kabuku ka nyimbo ndagula kale, ndipatsira mnyamata wa kwathu amene akukwera basi sabata yamawa. Mundiuze malo oti mukakumane naye.

Akazi anga akupereka moni. Mango ayamba kupsa pamtengo uja munabzala.

Ndine mnzanu,
wa kuno ku Blantyre