Othawa kwawo amene anapanga Casablanca

Achimwene okondedwa,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tonse tili moyo. M'kalata yanu munandifunsa chimene chimachititsa kuti anthu azitamandabe filimu ya Casablanca, chikhalirecho inatuluka kale mu 1942, zithunzi zake n'zakuda ndi zoyera zokha, ndipo kwa inu ikumveka ngati nkhani wamba ya mwamuna amene anathawidwa ndi mkazi. Chikondi chilimodi, ndipo ndicho chimakopa anthu poyamba, koma ine ndimaona kuti mphamvu ya filimuyi ili mwa anthu amene anaipanga, makamaka aja amangooneka kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, pakuti ambiri mwa iwo ankasewera zinthu zimene zinali zitawachitikira eni akewo zaka zochepa m'mbuyomo.

Nkhani yake ikuchitika mu Disembala 1941 mumzinda wa Casablanca ku Morocco, dziko limene panthawiyo linali m'manja mwa France. France inali itagonja kwa Germany mu Juni 1940, ndipo boma limene linakhazikitsidwa ku Vichy linkayendera zofuna za Hitler. Filimuyi imayamba ndi mapu osonyeza njira ya othawa nkhondo, kuchoka ku Paris kupita ku Marseille, kuwoloka nyanja kukafika ku Oran, kenako ku Casablanca, kumene ankakhala miyezi akudikira viza yopitira ku Lisbon kuti akakwere sitima ya ku America. Humphrey Bogart akusewera ngati Rick, munthu wa ku America amene ali ndi bala yotchuka mumzindamo ndipo amadzionetsa ngati wosalabadira za munthu aliyense. Ingrid Bergman akusewera ngati Ilsa, amene anakondana ndi Rick ku Paris akukhulupirira kuti mwamuna wake, Victor Laszlo, anafera m'ndende ya a Nazi, a chipani cha Hitler. Atamva kuti ali moyo, anamusiya Rick akudikira pa siteshoni ya sitima mvula ikugwa, n'kungomutumizira kakalata kosafotokoza chilichonse. Tsopano Ilsa ndi Laszlo afika m'bala ya Rick, ndipo mapepala awiri okha amene angawatulutse m'dzikomo ali kwa Rick yemweyo, amene wawabisa m'piyano.

Pa anthu onse amene mayina awo analembedwa pa filimuyi ngati osewera, atatu okha ndiwo anabadwira ku America: Bogart, Dooley Wilson ndi Joy Page. Otsalawo anabadwira m'mayiko ena, ndipo ambiri sanachoke kwawo mwa kufuna.

Ndiyambe ndi Conrad Veidt, amene ndi Major Strasser, mkulu wa asilikali a Nazi wodedwa ndi aliyense woonera. Veidt anali katswiri wamkulu wa mafilimu ku Germany kuyambira nthawi imene mafilimu analibe mawu, ndipo akadafuna akadakhala kwawo mwaulemu wonse, poti iyeyo sanali Myuda. Koma mkazi wake anali Myuda, ndipo mu 1933, chaka chimene Hitler anatenga boma, awiriwo anasamukira ku Britain. Nkhondo itayamba anapereka chuma chake chambiri ku boma la Britain kuti chithandize pa nkhondoyo. Ku Hollywood ntchito imene inkamupeza kawirikawiri inali yovala yunifolomu ya anthu omwewo amene anamuchotsa kwawo, ndipo anaivomera kuti dziko liwaone mmene analili. Mukamamuyang'ana akumwetulira mwaulemu wozizira patebulo la Laszlo, dziwani kuti mukuona munthu amene ankawadziwa bwino anthu oterowo. Anamwalira mu Epulo 1943 ku Los Angeles, asanaone mphoto zimene filimuyi inadzalandira.

Gawo limene anthu ambiri saliiwala ndi la nyimbo ziwiri. Asilikali a ku Germany asonkhana pa piyano ndipo akuimba nyimbo ya kwawo mokweza, bala yonse ili chete ndi manyazi. Laszlo akutsika masitepe n'kuuza oimba kuti aimbe La Marseillaise, nyimbo ya fuko la France. Oimbawo akuyang'ana Rick, iye akungogwedeza mutu pang'ono, ndipo posakhalitsa anthu onse aimirira, mawu awo n'kumiza a asilikali aja. Kamera ikuima pa nkhope ya mtsikana wina, Yvonne, amene analowa m'balamo atagwirana mkono ndi msilikali wa ku Germany, ndipo tsopano akuimba misozi ili mbwee. Mtsikanayo ndi Madeleine Lebeau. Mu 1940 iye ndi mwamuna wake, Marcel Dalio, anathawa ku Paris asilikali a Hitler ali pafupi kulowa mumzindawo, anakadikira ku Lisbon, ndipo atapeza maviza opita ku Chile anadzazindikira ali kale pa ulendo kuti anali achinyengo. Dalio, amene ku France anali wosewera wotchuka m'mafilimu a Jean Renoir, muno ndi wantchito woyendetsa njuga m'chipinda cham'kati, ndipo dzina lake silinalembedwe n'komwe pamndandanda wa osewera. Anali Myuda; a Nazi anaika nkhope yake pa zikwangwani zonyoza Ayuda, ndipo makolo ake anafera m'ndende zozunzirako anthu. Ena amene analipo pojambula gawoli anadzafotokoza kuti osewera ambiri ankaliradi. Ndipo kumbukirani kuti munali mu 1942, Paris idakali m'manja mwa adani, popanda amene ankadziwa kuti nkhondoyo idzatha bwanji.

Palinso tizigawo ting'onoting'ono timene munthu angatiphonye. Mayi wina wakhala patebulo akugulitsa dayamondi wake, ndipo wogula akumuuza kuti aliyense akugulitsa zomwezo, mtengo wagwa; mayiyo akuvomera ndalama yochepa ndi mawu otsika. Ameneyo ndi Lotte Palfi, Myuda amene anathawa ku Germany. Kwina nkhalamba ziwiri, mwamuna ndi mkazi, zikukonzekera kunyamuka mawa lake ndipo zagwirizana kuti zizilankhula Chingelezi chokha kuti zikafika ku America zisakaoneke zachilendo, koma Chingelezi chakecho n'chothyokathyoka. Woperekera zakumwa, Carl, akukhala nazo pansi n'kumwa nazo mwachikondi. Carl ndi S. Z. Sakall wa ku Hungary, amene alongo ake atatu anafera m'ndende za a Nazi. Helmut Dantine, mnyamata amene Rick akumuthandiza kupambana njuga pa nambala 22 kuti iye ndi mkazi wake apeze ndalama za viza, anamangidwapo ku Austria mu 1938 chifukwa chotsutsa a Nazi. Wosewera wina, Peter Lorre, anachoka ku Germany mu 1933, ndipo Paul Henreid, amene ndi Laszlo, anali atachoka ku Austria kupita ku Britain nkhondo isanayambe.

Inuyo, achimwene, mwaimapo pamzere m'dziko la eni mutafumbata envulopu ya mapepala, mukudikira munthu wa kuseri kwa galasi kuti adinde kapena akane. Sindikuyerekeza zimenezo ndi kuthawa imfa, koma ndikudziwa kuti nkhope za m'bala ya Rick mudzazimvetsa msanga kuposa ine.

Wotsogolera kujambula, Michael Curtiz, nayenso anali Myuda wa ku Budapest, amene anafika ku Hollywood mu 1926. Ankadziwika ngati munthu waukali pantchito, wosachedwa kukalipira antchito, koma diso lake linali lakuthwa, ndipo ndiye anachititsa kuti kamera iziyenda pakati pa matebulo n'kumaima pa nkhope za anthu wamba m'malo mongokakamira akatswiri awiri aja. Mayi ake anakwanitsa kuwabweretsa ku America, koma mlongo wake ndi banja lake anatengedwa kupita ku Auschwitz, ndende ya a Nazi yozunzirako ndi kupherako anthu.

Chiyambi cha nkhaniyi chilinso mwa munthu amene anaona zinthu ndi maso ake. Murray Burnett, mphunzitsi wa ku New York, anapita ku Vienna mu 1938 kukathandiza achibale achiyuda dziko la Austria litangolandidwa ndi Germany, ndipo pobwerera anaima kummwera kwa France, kumene analowa m'malo ena achisangalalo odzaza ndi anthu a mitundu yosiyanasiyana, woimba piyano ali munthu wakuda. Atabwerera kwawo analemba sewero pamodzi ndi Joan Alison. Sewerolo linali lisanaonetsedwepo pamene kampani ya Warner Bros. inaligula pa madola 20,000, patangopita masabata ochepa Japan itaphulitsa doko la asilikali a America la Pearl Harbor pa 7 Disembala 1941. Hal Wallis, amene ankayang'anira ntchito yonse, analipereka kwa mapasa Julius ndi Philip Epstein, amene anaikamo nthabwala zakuthwa zimene Claude Rains amazilankhula bwino kwambiri ngati Captain Renault, mkulu wa apolisi wokonda ziphuphu. Howard Koch analimbitsa mbali ya ndale, ndipo Casey Robinson, amene dzina lake silinalembedwe, anakonza zigawo za chikondi. Kujambula kunayamba pa 25 Meyi 1942 zolembazo zisanathe, kotero kuti masamba ena ankafika ntchito ili m'kati.

Bergman anadzanena pambuyo pake kuti sankadziwa kuti pa amuna awiriwo akonde uti. Anthu amaikonda nkhani imeneyi, ndipo ena amafika ponena kuti mathero a filimuyi anangochitika mwamwayi, koma ine sindigwirizana nazo. M'sewero la Burnett ndi Alison mkaziyo amapita kale ndi Laszlo, ndipo malamulo oyendetsera mafilimu ku America panthawiyo sakadalola kuti mkazi wapabanja asiye mwamuna wake n'kutsala ndi chibwenzi. Chimene chinkavuta olembawo chinali kupeza njira yoti Rick amukweze ndege Ilsa popanda woonera kumva kuti wanamizidwa, ndipo anaipeza mwa kusonyeza kuti Rick sakumutaya chifukwa chikondi chatha, koma chifukwa ntchito ya Laszlo yolimbana ndi a Nazi ikufuna mkaziyo pambali pake. Anthu amene ankaonera mu 1943 anali akuperekeza ana awo ndi amuna awo ku nkhondo, choncho kusiyana koteroko sikunali kwachilendo kwa iwo.

Palibe ndi mmodzi yemwe wa osewerawo amene anaponda ku Morocco pojambula. Pafupifupi zonse zinajambulidwa ku situdiyo ya Warner ku Burbank, ku California. Ndege ya m'gawo lomaliza inali yongopanga, yaing'ono, ndipo anaimika anthu aafupi kwambiri pambali pake ngati amakaniko kuti ioneke yaikulu, n'kuthira nkhungu yambiri kuti zisadziwike. Dooley Wilson, amene ndi Sam, woliza piyano m'bala ya Rick, anali woimba ndi mawu komanso ng'oma, ndipo piyano ankangoyerekeza kuiliza, wina akuiliza pambali. Max Steiner wa ku Vienna, amene anakonza nyimbo za m'filimuyi, sanaikonde nyimbo ya chikondi ya Rick ndi Ilsa, As Time Goes By, imene Herman Hupfeld anaipeka mu 1931, ndipo anafuna kuikapo yake. Zinakanika chifukwa Bergman anali atameta kale tsitsi pokonzekera filimu ina, ndiye zigawozo sizikanatheka kuzijambulanso. Steiner anangoitenga nyimboyo n'kuiluka m'filimu yonse.

Nthawi imene inatuluka inaithandizanso kwambiri. Pa 8 Novembala 1942 asilikali a America ndi Britain anakocheza kumpoto kwa Africa, ndipo dzina la Casablanca linali m'nyuzipepala iliyonse, choncho Warner Bros. inafulumira kuionetsa koyamba ku New York pa 26 Novembala. Inafalitsidwa m'dziko lonse la America pa 23 Januwale 1943, pamene Roosevelt ndi Churchill, atsogoleri a America ndi Britain, anali pamsonkhano mumzinda weniweni wa Casablanca. Mu Malichi 1944 inalandira mphoto zitatu za Oscar: ya filimu yopambana, ya Curtiz, ndi ya olemba. Jack Warner, mmodzi wa eni kampani, anathamangira kutsogolo kukalandira mphoto yaikuluyo Wallis asanafike, ndipo Wallis, amene ntchitoyo inali yake, anachoka pakampaniyo posakhalitsa.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandipweteka ndikamaionera, ndipo sindikubisirani. Nkhaniyi ikuchitikira mu Africa, koma eni dziko la Morocco alibe mawu. Amangooneka pamsika akugulitsa nsalu kapena ataima pakhomo, ngati kuti mzindawo ndi malo ongodikirirapo azungu. Filimu imene ikulira chifukwa France yalandidwa siifunsa n'komwe kuti France ikutani ku Morocco. Sam yekha ndiye munthu wakuda amene ali ndi dzina ndi maganizo ake, ndipo ndiye bwenzi lenileni la Rick, amene anachoka naye ku Paris ndipo amamuchenjeza moona mtima za Ilsa. Komabe bala ikagulitsidwa kumapeto, iye amatsala momwemo, ndipo filimuyo siisamalanso zoti zimuthera bwanji. Africa wathu amatchulidwa m'malo ena awiri: timamva kuti Rick anazembetserapo mfuti ku Ethiopia mu 1935, pamene Italy inaukira dzikolo, ndipo kumapeto iye ndi Renault akulunjika ku Brazzaville, kumene kunali likulu la Afalansa otsatira kazembe wankhondo de Gaulle amene anakana kugonja. Ku Ethiopia komweko n'kumene asilikali a King's African Rifles, a ku Nyasaland ali momwemo, anakamenya nawo nkhondo yochotsa Italy mu 1941.

Ndikupemphani kuti muipeze muonere pamodzi ndi alamu, ndipo mudzandilembere maganizo anu pa chimene Rick anasankha, chifukwa ndikudziwa kuti alamu adzakhala ndi mawu awo pa mbali ya Ilsa, amene amuna awiri akumukonzera tsogolo iye asanafunsidwe mokwanira. Mundiperekere moni kwa iwo ndi kwa ana onse.

Ine bwenzi lanu.